Tsiku Limene Ndinaima Pakati pa Alamu ndi Mwana Wanga

Ine ndimakonza njinga pamsika wa Nkhulambe. Malo anga ndi pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi pamene akabaza amadikirira anthu. Kwathu kwenikweni ndi cha ku Fort Lister, koma ndinabwera kuno kudzakwatira, ndipo ndimakhala pamudzi pa akazi anga monga mkamwini wina aliyense. Nyumba ndinamanga ndekha, munda wa nandolo ndimalima ndine, koma nkhani ya ana ikakula, mawu omaliza amakhala a alamu anga, achimwene awo aakulu a akazi anga. Ndiwo eni mbumba.

Mwana wathu wachitatu ndi wamkazi. Ndimamuitana kuti "mayi", monga timachitira abambo ambiri ndi ana athu aakazi. Anafika zaka zinayi asanatchule mawu ndi amodzi omwe. Achibale achikulire ankamuyankhula m'Chilomwe, ife m'Chichewa, iye osayankha kulikonse. Poyamba tinkati mwina samva, koma ayi. Chigayo chikangolizidwa kutali, wina aliyense asanachimve, iye amakhala atatseka kale makutu ndi manja.

Sankasewera ndi anzake. Chimene ankakonda chinali kundandalika njere za nandolo pakhonde, imodzi pambuyo pa inzake, mzere wowongoka kuchokera pakhomo mpaka pakona ya nyumba. Nkhuku ikangojompha njere imodzi, kapena munthu akaponda mzerewo, zinthu zimaipa. Ankakuwa mpaka mawu kusasa, kudzigwetsa pansi, kumenyetsa mutu padothi. Chilichonse chimene chili pafupi ankaponya: mbale, chipande, nsapato. Ukamugwira, ankaluma.

Anthu sanasowe zonena. Ena ankati walodzedwa. Ena ankati tamulekerera. Panalinso ena amene ankanong'onezana kuti ine ndinamukhwimira mwanayo kuti ntchito yanga ya njinga iziyenda bwino. Zimenezi ndinazimva kwa wakabaza wina amene anandiuza akuseka, ndipo ine ndinaseka naye ngakhale zinandiwawa.

Ndinene chilungamo: ndinkamumenya. Ine ndinakulira ndodo, akulu ake awiri ndinawalera ndi ndodo, ndipo sindinkadziwa njira ina. Tsiku lomaliza kumumenya ndimalikumbuka bwino. Unali m'mawa wa mwezi wozizira. Kapu yake yobiriwira, imene ankamwera phala masiku onse, inali itasweka, ndiye amayi ake anamuthirira mu kapu ina. Anaiyang'ana kamodzi, n'kuiponya kukhoma. Phala linamwazika pa malaya anga opitira kuntchito. Ndinathyola kanthambi ka nandolo n'kumukwapula m'miyendo katatu.

Mwana wina akakwapulidwa amalira akukuyang'ana, kapena amathawira kwa amayi ake. Iye sanatero. Anatembenukira kukhoma, n'kulowetsa dzanja lake mkamwa, n'kuyamba kudziluma. Ndinamukalipira kuti asiye, iye n'kulumitsitsa. Pamene amayi ake ankalichotsa dzanjalo, magazi anali akuyenderera mpaka pachigongono.

"Mwaona?" anatero akazi anga, osakweza mawu. "Mwamuphunzitsa chiyani pamenepa?"

Ndinatenga njinga yanga n'kupita kumsika ndi malaya aphala omwewo.

Balalo linatupa, ndipo patatha masiku atatu tinapita naye kuchipatala. Tinapeza adokotala achizimayi. Atatsuka balalo sanatiuze kuti tizipita. Ankamuyang'ana mwanayo, amene pa nthawiyo anali akundandalika timiyala pansi pa benchi, ndipo anayamba kutifunsa mafunso ambiri. Amakuyang'anani m'maso? Mukamuitana amatembenuka? Akafuna madzi amatani? Phokoso amalimva bwanji? Pomaliza anatitumiza kuchipatala chachikulu, ndipo kumeneko, titapitako kawiri, ndi kumene tinamva koyamba mawu akuti otizimu. Anatiuza kuti ndi mmene ubongo wa mwanayo unabadwira, kuti palibe amene anamulodza, ndipo palibe jakisoni wochotsa zimenezo.

Ine ndinafunsa chimene chinkandivuta kwambiri. "Ndiye akalakwa tizingomuyang'ana? Aziponya mbale, aziluma anthu, ife tili chete?"

"Ayi bambo," anatero adokotala a kumeneko. "Malamulo akhalepo, ndipo asamasinthesinthe. Koma ndodo siimuuza chimene walakwa. Iye amangomva ululu, ndipo mantha amawonjezeka. Akamakuwa sikuti akukuputani. Pali chimene chamukulira, ndipo alibe mawu oti achinene. Yambani mwaona chimene chimachitika asanayambe kukuwa."

Pobwerera ndinamukweza mwanayo panjinga kutsogolo, amayi ake kumbuyo. Titafika pamlatho ndinaima n'kuwauza akazi anga kuti ine sindidzamumenyanso. Iwo anangoti, "Tiona." Sindinawaimbe mlandu. Ankandidziwa mtima wanga wapachala.

Tinayamba kumuonetsetsa. Madzulo aliwonse, tikamasenda chinangwa cha makaka, tinkakumbutsana za tsikulo. Wakuwa kangati? Chinachitika n'chiyani asanakuwe? Patapita milungu ingapo tinaona kuti zinthu zake sizinali zambiri monga tinkaganizira. Phokoso ladzidzidzi linkamupweteka ngati moto. Kumugwira chakumbuyo asakuona kunkamuopsa. Kusintha chinthu osamuchenjeza, ngakhale njira yopitira kumjigo, kunkamusokoneza. Ndipo akakhala ndi njala zonsezi zinkakula kawiri. Tinaonanso kuti asanaphulike ankayamba kugwedeza manja pafupi ndi makutu ndi kung'ung'udza pansipansi. Kwa zaka zonsezo ankatichenjeza, ife osadziwa.

Choyamba ndinaganiza za dzanja lake. Kuntchito ndimakhala ndi machubu akale ambiri. Ndinadula chubu chimodzi timizere titatu, ndinatitsuka ndi sopo, n'kutiluka ngati tsitsi. Ndinamumangirira pamkono mosathinitsa. Akangoyamba kupititsa dzanja kukamwa, ndinkalibweza pang'onopang'ono n'kumupatsa chubucho. "Luma ichi, mayi." Ankachitaya. Ndinkatola n'kumupatsanso. Mwezi wathunthu unatha tikuchita zimenezi, mpaka tsiku lina chigayo chitalira ndinamuona akuchikweza yekha n'kuchiluma. Ndinali nditanyamula ndowa ya madzi, ndipo ndinaiika pansi kaye.

Kuchipinda tinamukonzera pakona pake. Tinayala thumba ndi chitenje chakale cha amayi ake, ndipo tinawauza akulu ake kuti akakhala pamenepo wina asamuyankhule kapena kumukhudza. Sipanali pomulangira. Panali pothawira zinthu zikamuchulukira. Ndinatenganso katoni n'kujambulapo ndi makala zinthu za tsiku lonse motsatana: kapu, ndowa, njinga, mbale, mphasa. Ine sindidziwa kujambula, ndipo njinga yanga inkaoneka ngati magalasi a maso, koma iye anaizindikira. Tikafuna kusintha china, tinkayamba tamulozera pakatonipo.

Chovuta kwambiri chinali kudziletsa ifeyo. Tinazolowera kuti mwana akalakwa timamuthira mawu ambirimbiri. Kwa iye mawu ambiri anali phokoso chabe. Tinagwirizana mawu ochepa, omwewomwewo nthawi zonse, kaya akunena ndine, kaya amayi ake, kaya akulu ake. "Kumenya ayi." "Manja pansi." "Tola."

Lamulo la kutola ndi limene linandiyesa kwambiri. Tinagwirizana kuti chimene waponya azitola yekha, koma akakhala kuti mtima wake watsika. Tsiku loyamba linali Loweruka masana. Anaponya mbale ya ndiwo pabwalo chifukwa munali kalongonda, chakudya chimene sanachizolowere. Anakuwa, anapita pakona pake, ife tinamusiya. Atatuluka ndinamutengera pamene panali mbaleyo.

"Tola, mayi."

Anandidutsa ngati sindilipo. Ndinapita kutsogolo kwake, ndinanjuta kuti andione, n'kubwereza. Anadzigwetsa pansi. Ndinadikira. Atadzuka ndinamubweretsanso. Mkulu wake anafuna kuitola mbaleyo kuti nkhani ithe, ine ndinamuletsa. Nkhuku zinadya ndiwo zonse, dzuwa linapendeka, anthu awiri anabwera kunyumba ndi njinga zoti ndikonze ndipo ndinawauza kuti abwere mawa. Kangapo konse mtima unkandiuza kuti ndithyole kanthambi, zithe msanga. Ndinkaika manja kumbuyo n'kugwirana zala. Pomaliza ndinaika dzanja langa pamwamba pa dzanja lake, tinawerama limodzi, n'kutola mbaleyo. Ataipereka kwa amayi ake ndinati, "Wachita bwino," n'kumupatsa njere za nandolo zodzadza dzanja kuti akandandalike.

Kachiwiri zinatenga nthawi yochepa. Kachisanu anatola yekha. Koma ndisaname kuti zinkangoyenda chokwera. Panali milungu imene zonse zinkabwerera m'mbuyo, makamaka akadwala malungo kapena kukabwera alendo. Tsiku lina ndinapeza akazi anga atakhala kuseri kwa khitchini akulira, pamkono pali zipsera za mano. Anandiuza kuti amumenya mbama, ndipo akudzida. Sindinawadzudzule, popeza iwo ndi amene ankakhala naye tsiku lonse ine ndili kumsika. Kuyambira pamenepo tinapangana kuti amene watopa azinena msanga kuti, "Ndatopa, mutengeni," ndipo winayo azimutenga osafunsa chifukwa. Ndinayambanso kupita naye kuntchito masiku amene si a msika waukulu.

Alamu anga ankaziona zonsezi akabwera kudzacheza, ndipo sizinkawasangalatsa. Ndi munthu wabwino, wolimbikira, amene analera alongo ake bambo awo atamwalira. Koma kwa iwo mwana wosakwapulidwa ndi mwana wotayika.

"Alamu, mukumuwononga mwanayu," ankatero. "Za kuchipatalazo n'zachizungu. Mundipatse sabata imodzi yokha, muona."

Ine ndinkangoti, "Ndamva, alamu," n'kusintha nkhani.

Zinafika poipa pa chinkhoswe cha mng'ono wawo wa akazi anga, chimene chinachitikira pamudzi pathu pomwepo nthawi yokolola nandolo. Tinkadziwa kuti kudzakhala zokuzira mawu, ndiye tinakonza kuti nyimbo zisanayambe ndimutenge mwanayo tipite kumunda. Ndinali nditamujambulira kale khasu pakatoni paja. Koma oimbitsa nyimbo anafika molawirira n'kuyamba kuyesa zida zawo ine ndikuthandiza kukhoma chisakasa. Phokoso linaphulika mwadzidzidzi pabwalo ponse. Ndinaponya nyundo n'kuthamanga, koma ndinachedwa. Mwanayo anali ataima pakati pa anthu atatseka makutu, ndipo kamtsikana kena ka achibale, kofuna kuvina naye, kanamukumbatira chakumbuyo. Anatembenuka n'kukaluma pamkono mwamphamvu.

Kamtsikanako kanalira mokweza. Amayi ake anakuwa. Nyimbo zinazimitsidwa. Alamu anga anatulukira ndi ndodo imene anasolola pa mtolo wa nkhuni, nkhope itasintha.

"Lero ndimuphunzitsa ndine," anatero.

Mwana wanga anali atagwa pansi akudzigudubuza. Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinapita n'kunjuta pakati pa iye ndi alamu, n'kuomba m'manja mwaulemu monga timachitira popempha.

"Alamu, walakwa. Sindikukana. Koma ndodo ayi."

"Chokanipo, alamu."

"Sindichoka."

Anthu a kuchimuna anali atayamba kale kufika, ndipo onse ankaona.

"Inu munabereka," anatero alamu, "koma mbumba iyi ndi yanga. Mukundiletsa pamudzi pa mayi anga, pamaso pa alendo?"

"Mbumba ndi yanu, alamu, ndipo ulemu wanu ndimaudziwa. Mundiweruze mmene mungafunire chinkhoswe chikatha. Koma mukamukwapula, adziluma mpaka fupa, ndipo mawa alumanso wina. Ndiloleni ndimulange mmene amamvera."

Ndinkadziwa kuti mkamwini amene wachita zotere akhoza kuuzidwa kuti anyamule bulangete lake azipita kwawo. Pamenepo akazi anga anabwera n'kugwada pambali panga. Anatenga dzanja la mwanayo n'kuwaonetsa achimwene awo chipsera chakale chija.

"Achimwene, ichi chinabwera ndi ndodo. Tinayesa kale njira imeneyo."

Alamu anayang'ana dzanjalo, anayang'ana alendo, kenako anaponya ndodo pansi n'kuchokapo.

Ndinamunyamula mwanayo kupita naye pakona pake, ndipo amayi ake anakhala pakhomo. Ine ndinakweza kamtsikana kolumidwa kaja ndi amayi ake panjinga mpaka kuchipatala, kumene anakatsuka balalo. Njira yonse mayiyo ankandinena, ndipo ndinkangopepesa, chifukwa mwana wake anapwetekadi. Titabwerera ndinapeza wanga atatsika mtima. Ndinamutenga, ndinapita naye pamene panali kamtsikanako, ndinanjuta n'kumuonetsa bandeji ija.

"Kuluma ayi," ndinatero. "Zapweteka."

Sanayang'ane nkhope ya mnzakeyo, koma anayang'ana bandejiyo nthawi yaitali. Tinali titamuphunzitsa kuti popepesa azigunda pachifuwa pake kawiri, popeza mawu analibe. Ndinadikira. Anagunda. Mayi wa kamtsikanako anati zimenezo si kupepesa, ndipo sindinatsutsane naye. Kenako ndinamutenga mwana wanga n'kupita naye kumunda, kumene tinakhala mpaka chinkhoswe chitatha. Tsiku limenelo sanandandalike nandolo. Ndinamuonetsa thumba la njerezo n'kulibweza m'thumba la malaya, ndipo analira, koma ndinalimba mtima.

Mawa lake achibale anakhala pansi kukamba za ine. Ena ankati ndanyoza eni mbumba ndipo ndichoke. Ndinapepesa chifukwa chowayankha alamu pagulu, ndipo ndinapereka nkhuku. Koma atandifunsa ngati ndidzawalole kumukwapula mwanayo akadzalakwanso, ndinati ayi. Akazi anga ananena kuti ine ndikachoka, iwonso anyamula ana n'kunditsatira. Nkhani inathera pamenepo, osagwirizana kwenikweni. Alamu anakhala miyezi inayi osandiyankhula. Tikakumana panjira ankangokweza dzanja. Njinga yawo ankakakonzetsa kwa munthu wina wa kutsidya kwa msika.

Tsiku lina mvula itayamba, anatulukira pamalo anga akukankha njinga, tcheni chitaduka. Mnzanga wa kutsidya uja anali atapita kumaliro. Ndinawapatsa kampando. Mwana wanga anali pambali panga, atakhala pathumba, akusankha manati a njinga m'chitini, aakulu paokha, aang'ono paokha. Ntchito imeneyo amaichita bwino kuposa ine. Ndikulumikiza tchenicho, njinga yamoto inadutsa pafupi n'kuphulitsa utsi mwaphokoso. Mwanayo anadzidzimuka n'kuponya chitini, manati n'kumwazika m'matope. Ndinaona alamu akuwongoka pampando.

Mwanayo analuma chubu chake, akugwedezeka uku ndi uku. Ndinapitiriza ntchito. Patapita kanthawi, atasiya kugwedezeka, ndinati, "Tola, mayi." Anadzuka, natola manati onse limodzilimodzi, mpaka lomwe linagubudukira pansi pa nsapato ya alamu. Anaima patsogolo pawo akuyang'ana nsapatoyo, mpaka iwo anakweza phazi.

"Kani amamva," anatero alamu.

"Amamva, alamu. Kungoti amafuna nthawi."

Mpaka lero sanavomerepo kuti njira yathu ndi yabwino. Koma akabwera kunyumba amatsitsa mawu, ndipo ndinawamva tsiku lina akukalipira ana a pamudzi kuti asamamugwire chakumbuyo.

Pano mwana wanga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amanena mawu angapo: madzi, ayi, njinga, tiye. Kudziluma anasiya, koma kukuwa kumabwerabe, ndipo mwezi wathawu anaswa galasi la pawindo. Chaka chino tinamuyambitsa sukulu. Aphunzitsi ake ndi mayi wodekha amene ali ndi ana ochuluka zedi m'kalasi, moti sangathe kumuyang'anira yekha. Ndiye m'mawa uliwonse ndimapita naye, ndimakhala panja pafupi ndi windo, ndipo akayamba kugwedeza manja pafupi ndi makutu ndimalowa n'kumutulutsa asanaphulike. Sabata yoyamba ankakhala m'kalasi mphindi zochepa chabe. Tsopano amafika nthawi yopuma. Kumsika ndimatsegula mochedwa, ndipo akabaza ena anasamukira kwa mnzanga uja.

Lachisanu lapitali aphunzitsi aakulu anandiitana. Makolo ena adandaula kuti mwana wanga akusokoneza anzake, ndipo akufuna kuti azikhala kunyumba. Ndinawapempha kuti andilole ndikumane ndi makolowo ndekha, ndiwafotokozere, ndipo avomera kuti tikumane Lolemba ana akaweruka. Ndawapempha akazi anga kuti tipite limodzi, chifukwa iwo amayankhula modekha kuposa ine. Mwanayo apita m'kalasi m'mawa wa tsiku limenelo monga mwa masiku onse. Yunifolomu yake tachapa kale, ili pachingwe.